GOGODELA WA KU AFGHANISTAN: WENIWENI NDI WABODZA ASIYANA PATI?

PA 13 January m'caka ca 1842, asilikali a Britain amene anali kulonda pa linga la mzinda wa Jalalabad, kum'mawa kwa dziko la Afghanistan, anaona munthu mmodzi alikudza capatali pa kavalo wolefuka. Munthuyo anali Dr William Brydon, dokotala wa gulu la nkhondo, ndipo anali ndi bala m'mutu. Masiku asanu ndi awiri m'mbuyomo, pa 6 January, iye ananyamuka mu mzinda wa Kabul pamodzi ndi asilikali okwanira 4,500 ndiponso anchito, akazi ndi ana pafupifupi 12,000. Ena a iwo anagwidwa ukaidi, ena owerengeka anatulukira pambuyo pake, koma unyinji wa khamulo unathera m'mipata ya mapiri: ena ndi cisanu, ena ndi lupanga, ndipo ambiri ndi zipolopolo za mfuti yaitali yochedwa jezail.

Lero mfuti imeneyi siwopsezanso gulu la nkhondo liri lonse. Iri yopacikidwa pa zipupa za nyumba zosungiramo zinthu zakale, monga Royal Armouries mu mzinda wa Leeds ndi National Army Museum ku London, ndipo pali anthu ambiri ku Ulaya ndi ku America amene amataya ndalama zao kuisonkhanitsa. Koma pamene pali ogula ambiri sipalephera kukhala ocenjera. Mfuti zambiri zogulitsidwa m'dzina la jezail sizinaonepo nkhondo ya 1842, ndipo zina sizinalawepo wonga ngakhale kamodzi. Motero wogula amafunika kudziwa kuwerenga citsulo ndi mtengo monga mmene mlenje amawerengera mapazi a nyama.

DZIKO LA MAPIRI

Afghanistan ndi dziko la ku Asia, lopanda doko la nyanja yaikulu monga liri dziko la Zambia, ndipo kukula kwace ndi kocepera pang'ono pa Zambia. Pakati pace padutsa mapiri atali ochedwa Hindu Kush. Mzinda wa Kabul uli pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,800, ndipo m'miyezi ya December ndi January kumagwa cipale cofewa cimene cimakwirira njira.

M'dziko lotere mdani samuonera pafupi. Amaonekera kutsidya kwa cigwa, kapena pansi pa phompho. Mfuti yaifupi yongothandiza pa mayadi ocepa inalibe phindu kwa anthu a mtundu wa Pashtun okhala m'mapirimo. Iwo anafuna mfuti yoponya patali, ndipo amisiri ao osula zitsulo anawapangira yotero.

MAONEKEDWE A JEZAIL

Aliyense amene anaonapo mfuti ya gogodela angathe kuizindikira jezail kuti ndi mbale wace, pakuti nayonso amaidyetsera kukamwa. Mwini wace amathira wonga mu mpope, naponyamo cipolopolo ca mtovu, nasinja zonse ndi ndodo yacitsulo. Kusiyana kwace kuli pa utali ndi pa thako. Jezail zambiri zikaimikidwa pansi zimafika paphewa kapena pacibwano ca munthu wamkulu, ndipo zimalemera makilogramu asanu kapena asanu ndi limodzi. Cifukwa ca kulemera kumeneku woombera anali kutsamiritsa mpope pa mwala, ndipo zina zinali ndi timiyendo tiwiri tamphanda tomangirira kutsogolo.

Thako lace ndi lopyapyala ndi lokhota kwambiri ngati cikwakwa, lotambasuka kumapeto. Odziwa za mfuti amapereka zifukwa ziwiri za kukhota kumeneku. Ena amati kunali kothandiza kupanira mfuti m'khwapa poombera munthu ali pa kavalo, pamene ena amati kunali kocepetsa kulemera kwa mtengo kuti mfuti yaitali cotere inyamulike bwino.

Jezail zoyamba zinali kuyatsidwa ndi cingwe conyeka pang'onopang'ono cimene cinali kugunditsidwa pa wonga. Pambuyo pace kunafika njira ya mwala. Pambali pa mpope pamakhala cipangizo cimene Angerezi amacicha loko. Pa lokoyo pali kacitsulo kooneka ngati mutu wa tambala, kamene kamaluma mwala wolimba wotulutsa moto. Woombera akakoka kacitsulo ka pansi ndi cala, sipuling'i imagwetsa mutuwo, mwala nukhula citsulo coimirira patsogolo pace. Mphaliphali za moto zimagwera m'kambale momwe muli wonga pang'ono, ndipo motowo umalowa pa kabowo ka m'mbali mwa mpope nukayatsa wonga wa m'kati. Ngakhale pamene Angerezi anasiya njira imeneyi m'zaka za m'ma 1840, anthu a m'mapiri anaisungabe kwa nthawi yaitali, popeza mwala ndi wonga anali kuzipeza okha osadalira sitolo.

CIFUKWA CACE INAGONJETSA ANGEREZI

Nkhondo yoyamba ya pakati pa Britain ndi Afghanistan inamenyedwa kuyambira 1839 kufikira 1842. Angerezi, amene pa nthawiyo anali kulamulira mbali yaikulu ya India kupyolera mu kampani yochedwa East India Company, anacotsa pampando mfumu Dost Mohammad Khan naikapo Shah Shuja, munthu wowamvera. Eni dziko sanakondwe nazo, ndipo mu November 1841 anaukira.

Asilikali a Angerezi anali ndi mfuti yochedwa Brown Bess, ya mpope wosalala m'kati. Inali mfuti yofulumira kudyetsa, yopangidwira asilikali oima pamzere naombera onse pamodzi, koma kulasa nayo munthu mmodzi woima kupitirira mayadi 100 kunali kwa mwai cabe. Jezail inali yocedwa kudyetsa, koma mpope wace unali wautali ndi wocindikala, ndipo zina zinali ndi mizere yopota m'kati imene imazunguza cipolopolo kuti ciyende molunjika. Motero inali kulasa pa mayadi mazana angapo.

Izi zinaonekera poyera pa 23 November, 1841, pa phiri la Beymaru pafupi ndi Kabul. Asilikali a Brigadier John Shelton anaima mothithikana pamwamba pa phirilo monga anaphunzitsidwira, koma adani ao anabisala m'miyala patali pamene Brown Bess sikanafika, nayamba kuwagwetsa mmodzimmodzi. Zomwezo zinacitikanso pa ulendo wothawa wa mu January, pamene ankhondo a fuko la Ghilzai anakhala pamwamba pa mpata wa Khurd Kabul, kufikira otsala a gulu la 44th Regiment anathera pa Gandamak.

Mbiri imeneyi ndiyo inachukitsa jezail ku England. Ngakhale mlembi Arthur Conan Doyle, m'buku lace loyamba la Sherlock Holmes, lofalitsidwa mu 1887, anati Dr Watson analasidwa ndi cipolopolo ca jezail pa nkhondo ya ku Maiwand ya mu 1880. Kufikira lero ogula ambiri amayamba kuimva mfutiyi m'nthano imeneyo.

MFUTI IMODZI, MANJA ATATU

Cinthu coyamba cimene woyesa jezail amaphunzira ndi cakuti mfuti imeneyi siinabadwe tsiku limodzi. Kawirikawiri loko, mpope ndi thako zinacokera ku malo osiyana ndi zaka zosiyana, ndipo mmisiri wa m'mudzi ndiye anazilumikiza. Kufunsa kuti mfutiyi ndi ya caka canji ndi kufunsa mafunso atatu.

Loko ndiyo inali yovuta kusula, makamaka sipuling'i yace. Cifukwa cace amisiri anali kukonda maloko ocotsedwa pa mfuti za East India Company, zolandidwa pa nkhondo, zobedwa, kapena zogulidwa zitatha nchito. Maloko amenewa anapangidwa ku England, ndipo ali ndi cizindikiro ca kampaniyo. Cizindikiro cakale ndi ca mtima wogawidwa panai, mokhala zilembo V, E, I ndi C, ndipo pamwamba pace pali nambala 4. Cilembo ca V cikuimira U monga anali kulembera kale, kutanthauza United East India Company. Kuyambira ca m'ma 1808 kampaniyo inasintha niyamba kudinda mkango woimirira wonyamula cisoti cacifumu. Pa maloko ambiri palinso caka ndi dzina la wopanga, monga Barnett wa ku London.

Mipope ina inasulidwa mu Afghanistan momwemo, koma yabwino koposa inali kucokera ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran, ndi ku India, makamaka ku Sind. Amisiri anali kupota pamodzi zitsulo zolimba ndi zofewa nazikulunga ndi kuzisula, kotero kuti mpope ukatha umaoneka ndi mizere ngati mafunde a madzi. Mpope wotere unali cuma cosiyirana. Thako likathyoka anali kusema lina, ndipo mpope womwewo ukanatha kutumikira agogo ndi cingwe, pambuyo pace nutumikira mdzukulu ndi mwala.

Thako ndilo linali nchito ya eni dziko. Mwini mfuti anali kulikongoletsa monga mwa cuma cace, ndi mkuwa, mafupa, zigoba zonyezimira za nkhono za m'nyanja, siliva, ngakhale golide pa mfuti za mafumu.

MMENE ZABODZA ZINACULUKIRA

Jezail inayamba kutha mphamvu pamene kunafika mfuti zodyetsera kumbuyo. Pa nkhondo yaciwiri, ya 1878 mpaka 1880, Angerezi anali ndi Martini-Henry, ndipo mfumu Abdur Rahman Khan, amene analamulira kuyambira 1880 kufikira 1901, anamanga fakitale ya mfuti zamakono mu Kabul. Pambuyo pace kunadza mfuti za .303, ndipo pa nkhondo yolimbana ndi Soviet Union, ya 1979 mpaka 1989, AK-47 inafala dziko lonse.

Koma pamene ankhondo anaisiya, alendo anaitola. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 acinyamata ambiri a ku Ulaya anali kudutsa mu Kabul pa ulendo wa ku India, ndipo anali kugula zikumbutso pa mseu wa masitolo wochedwa Chicken Street. Kuyambira 2001 kufikira 2021 m'dzikomo munali asilikali a maiko akunja zikwizikwi, ndipo a ku America anali kuloledwa kutumiza kwao mfuti zakale, popeza lamulo la dziko lao limaika mfuti zopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwace m'gulu la zinthu zamakedzana. Ogula anaculuka kuposa mfuti zenizeni, ndipo amisiri anadzaza mpatawo.

Luso lotengera nchito ya ena si lacilendo m'cigawo cimeneco. Kutsidya kwa malire, m'dziko la Pakistan, kuli tauni ya Darra Adam Khel pakati pa Peshawar ndi Kohat, kumene amisiri a fuko la Afridi akhala akusula mfuti za mitundu yonse ndi manja kwa zaka zoposa zana. Amatengera ngakhale zidindo za mafakitale a ku England. Pa mfuti zina zotengera Martini-Henry cilembo ca N m'dzina la ENFIELD cimapezeka cotembenuka, ndipo pa zina pali cizindikiro ca Mfumukazi Victoria pamodzi ndi caka ca pambuyo pa 1901, pamene iye anali atamwalira kale.

Motero jezail za pa msika ziri m'magulu atatu. Pali zakale zenizeni, zimene ziwalo zace zonse zinakalambira pamodzi. Pali zosakaniza, za mpope kapena loko yakale koma thako la dzulodzulo. Ndipo pali zongopangira alendo, zimene sizingaombe konse.

KUONA MASO A NKHONO N'KUDEKHA

Woyesa wodziwa nchito yace sathamangira zonyezimira. Amayamba ndi loko, ndipo mwini akalola amaimasula kuti aone kumbuyo kwace. Loko ya ku England imakhala yosalala m'kati, ziwalo zace zolowana bwino, zilembo zace zofanana msinkhu. Yotengera imaonetsa mikwasa ya tupa, ndipo zilembo zace zimakhala zopendekeka kapena zosokonezeka, popeza wozilembayo anali kujambula cabe zilembo za cinenero cimene sanali kuciwerenga. Amayerekezanso cizindikiro ndi caka: mtima wa kampani pamodzi ndi caka ca m'ma 1850 ndi zinthu zosayenderana. Komabe loko yotengera siitanthauza kuti mfuti yonse ndi yatsopano, pakuti amisiri a ku Afghanistan anayamba kalekale kutengera zidindo za Angerezi, alendo asanabwere. Momwemonso loko yeniyeni ya 1800 imangonena za msinkhu wace wokha.

Atatha apo amaona mpope. Weniweni umakhala wocindikala kumbuyo kumene wonga umaphulikira, ndi kupepukirako kutsogolo. Wabodza nthawi zambiri ndi paipi ya madzi, yofanana makulidwe kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, ndipo nthawi zina msoko wace umaoneka. Kabowo ka moto kayenera kulunjikana ndi kambale ka loko ndi kuboola mpaka m'kati. Pa mfuti imene inagwiradi nchito, citsulo ca pafupi ndi kabowoko cimakhala codyeka ndi moto wa wonga. Mizere ya mafunde nayo amaiyesa. Ya citsulo copota imapezeka ngakhale kunsi kwa mpope kumene kwabisika ndi mtengo, pamene yolembedwa ndi asidi imalekezera pamene maso a wogula alekezera.

Potsiriza amaona thako. Dzanja la munthu limasiya mbiri yace pa mtengo monga limacitira pa mpini wa khasu: pogwirira pamakhala posalala ndi pakuda, m'ngondya mumakhala mofufutika. Mfuti yokalambitsidwa dala ndi utoto, utsi kapena matope imada paliponse mofanana, ndipo akasuntha mphete za mkuwa zomangira mpope, pansi pace pamaoneka mtengo woyera. Misomali ya m'sitolo, guluu wamakono ndi zokongoletsa za pulasitiki zonse zimaulula cinsinsi. Ogula ozolowera amakayikira kwambiri mfuti yodzaza ndi zigoba zonyezimira kuyambira kuthako mpaka kukamwa, popeza zambiri zotere zinakongoletsedwa pofuna kukopa mlendo. Akuluakulu ananena kale kuti cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

CIMENE CIMAKWEZA MTENGO

Pa okushoni ku Britain jezail wamba imagulidwa ndi mapaundi mazana ocepa, pamene ya mpope wopota wokhala ndi golide, monga zija za mafumu a ku Sind, imafika pa zikwi. Yopangira alendo mtengo wace ndi wa cokongoletsa cipupa basi.

Kuwonjezera pa ubwino wa mpope ndi kugwirizana kwa ziwalo, cimene cimalemeretsa mfuti ndi mbiri yace yolembedwa. Kalata ya msilikali amene anaitenga, cithunzi cakale, kapena buku la banja losonyeza kumene inacokera, zimaposa nthano iri yonse ya wogulitsa. Pafupifupi wogulitsa aliyense anganene kuti mfuti yace inali pa Gandamak, koma mau opanda pepala sawonjezera ngakhale ngwee imodzi.

Cimene cimagwetsa mtengo msanga ndi kutsuka kopitirira. Munthu akapeza mfuti yakuda amafuna kuikwecha ndi mcenga kapena sandipepa kuti iwale, osadziwa kuti akufafaniza umboni wa zaka zana. Osunga zinthu zakale amangopukuta fumbi, napaka mafuta pang'ono pa citsulo kuti dzimbiri lisapitirire, ndi kuisunga pouma.

MALAMULO NDI NGOZI

Dziko liri lonse liri ndi malamulo ace pa mfuti zakale. Ku Britain lamulo la mfuti la 1968 limalola kusunga mfuti yamakedzana popanda laisensi ngati iri yongoonetsa, koma wofuna kuiombera ayenera kukhala ndi cilolezo. Mfuti yokongoletsedwa ndi mnyanga wa njobvu iri ndi vuto linanso, pakuti lamulo la Ivory Act la 2018, limene linayamba kugwira nchito mu 2022, linaletsa malonda a mnyanga m'dzikomo, kupatula zinthu zocepa zakale zolembetsedwa ku boma.

Palinso nkhani ya cuma ca mtundu. Pa nkhondo ya paciweniweni ya m'zaka za m'ma 1990, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ya mu Kabul inaphulitsidwa, ndipo pafupifupi magawo 70 pa 100 a katundu wace anabedwa kapena kuonongeka. Kucokera pamenepo wogula woona mtima amafunsa kuti cinthu ca ku Afghanistan cinatuluka liti m'dzikomo, ndiponso mwa njira yotani.

Ngozi yaikulu koposa iri mu mpope momwemo. Mfuti zodyetsera kukamwa zambiri zinapacikidwa ziri zodyetsa, ndipo wonga wouma sufa ngakhale papite zaka zana. Cifukwa cace woyesa asanacite kanthu kena kali konse amalowetsa ndodo mu mpope, mutu wace ataupatutsa kukamwa kwa mfuti, naika cizindikiro pamene ndodoyo yalekezera. Kenaka amaigoneka kunja kwa mpope. Ngati nsonga yace siifika pa kabowo ka moto, ndiye kuti m'katimo muli kanthu, ndipo mfutiyo iyenera kupita kwa mmisiri wodziwa. Kuiyesa poiombera ndi kuika moyo pa ciswe, popeza citsulo copota cimadyeka ndi dzimbiri m'misoko yosaoneka ndipo cingathe kuphulikira m'manja.

Phunziro la jezail silithera ku Kabul kapena ku London. M'midzi yambiri muli gogodela, nthungo kapena nkhwangwa imene agogo anasiya, ndipo tsiku lina angafike munthu wofuna kuigula. Banja limene linaisunga osaikwecha, ndipo linalemba dzina la mwini wace woyamba, mudzi wace ndi zimene anacita nayo akulu odziwa akali moyo, lidzadziwa cimene liri naco m'manja, ndipo lidzasankha lokha ngati n'coyenera kugulitsa kapena kusiyira adzukulu.